AILTON: MFUMU KU BREMEN, MLENDO KWAWO

Okonda mpira wamiyendo amene adaonerera mpikisano wa Club World Cup m'mwezi wa Juni 2025 sangaiwale msanga chigoli chimene Lucas Ribeiro Costa adamwetsa timu ya Borussia Dortmund mumzinda wa Cincinnati ku America. Mnyamatayo, amene kwawo ndi ku Brazil koma panthawiyo ankasewera m'timu ya Mamelodi Sundowns ya ku South Africa, adalandira mpira chapakati pa bwalo, nadutsa adani ake ngati munthu wolambalala zitsa m'munda, mpaka kukaugoneka mu ukonde. Ngakhale Sundowns idagonja ndi zigoli 4 kwa 3, chigoli chakecho ndicho chidasankhidwa kuti chidakongola koposa mumpikisano wonsewo. Koma pasanathe miyezi itatu mkangano udabuka pakati pa iye ndi eni timu, ndipo mnyamata uja adamanga katundu wake nalowera ku Spain kukasewera m'timu ya Cultural Leonesa, ya m'gawo lachiwiri la ligi ya m'dzikomo. Asanafike ku Pretoria m'chaka cha 2023 n'kuti atapondapo kale ku France ndi ku Belgium.

Ambiri adadabwa kuti munthu wokondedwa chotere angachoke bwanji pamene zinthu zayamba kumene kukoma. Komatu ulendo wamtunduwu si wachilendo kwa ana a ku Brazil. Bungwe la CIES Football Observatory la ku Switzerland, limene limawerenga osewera amene ali kunja kwa maiko awo, lakhala likupeza chaka ndi chaka kuti Brazil ndiye amaposa maiko onse, ndipo osewera ake a m'maligi akunja amapitirira 1,000. Amene maina awo amamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, monga Vinícius Júnior ndi Alisson, ndi owerengeka chabe. Otsalawo ndi anthu oyendayenda, chaka chino ku Portugal, chaka chamawa ku Japan, kenaka ku Malta kapena ku Thailand. Pofuna kumvetsa moyo wa anthu otere n'kwabwino kuyang'ana mmodzi amene ulendo wake udatha kale, pakuti njira imadziwika bwino ikayendedwa mpaka kumapeto. Munthuyo ndi Ailton Gonçalves da Silva, amene adavala malaya a matimu pafupifupi 20 ndipo adasewera m'maiko 8 akunja.

Ailton adabadwa pa 19 Julayi 1973 ku Mogeiro, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Paraíba, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Dera limeneli n'louma ndiponso losauka poliyerekeza ndi kum'mwera kumene kuli mizinda ya São Paulo ndi Rio de Janeiro, ndipo kuyambira kalekale anthu ake akhala akusamukira kum'mwerako kukafuna ntchito. Tsono kuchoka pakhomo Ailton adakuyambira m'dziko lake lomwe. Asanakwanitse zaka 25 adali atasewerera kale matimu angapo monga Internacional, Mogi Mirim, Santa Cruz ndi Guarani, osakhalitsa pena paliponse.

Kusakhazikika kumeneku kuli ndi gwero lake m'makonzedwe a mpira wa ku Brazil. Dzikoli ndi lalikulu zedi, lili ndi anthu oposa 200 miliyoni, ndipo lidagawidwa m'zigawo 26 kuonjezerapo chigawo cha likulu. Chigawo chilichonse chili ndi mpikisano wakewake umene umachitika m'miyezi yoyambirira ya chaka. Mipikisano imeneyi ikatha, matimu akuluakulu amalowa mu ligi ya dziko lonse, imene ili ndi magawo anayi, koma matimu ang'onoang'ono mazanamazana amatsala opanda masewera. Timu yopanda masewera ilibe cholowa pachipata, choncho imamasula osewera ake. Kotero mnyamata amalembedwa ntchito mu Januwale, pofika Epulo kapena Meyi ali paulova, nsapato zake zili m'thumba, akufunafuna timu ina. M'chaka cha 2016 bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo, la CBF, lidatulutsa chiwerengero chimene chidadzidzimutsa anthu ambiri. Osewera oposa 80 mwa 100 alionse ankalandira ndalama zosapitirira 1,000 reais pamwezi, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma m'chaka chimenecho adali 880 reais. Ndiye kuti m'dziko limene lidatenga chikho cha dziko lonse lapansi kasanu, wosewera mpira wamba amalandira ngati wantchito wina aliyense wapansi, kusiyana kwake n'kwakuti ntchito yakeyo imatha iye asanafike zaka 40. Munthu wotere akamva kuti timu ina ku Ulaya kapena ku Asia ikumufuna ndipo idzamulipira chaka chathunthu, safunsa n'komwe kuti dzikolo lili pati pa mapu.

Njala yokha siingatulutse munthu m'nyumba ngati chitseko chili chokhoma. Zitseko ziwiri zidatseguka m'zaka zomwe Ailton ankakhwima pamasewera. Choyamba chidatseguka mu Disembala 1995 pamene khoti la maiko a European Union lidagamula mlandu wa Jean-Marc Bosman, wosewera wa ku Belgium. Chigamulocho chidati wosewera amene mgwirizano wake watha ali ndi ufulu wopita ku timu ina popanda timu yakaleyo kulandira kanthu, ndiponso kuti nzika za maiko a European Union zisawerengedwenso ngati alendo m'maligi a maiko anzawo. Poyamba nkhaniyi inkaoneka ngati ya anthu a ku Ulaya okhaokha, koma phindu lake lidagweranso ena. Malo ochepa amene timu inkaloledwa kupatsa alendo adatsala opanda eni, ndipo adadzazidwa ndi anyamata a ku South America ndi ku Africa.

Chitseko chachiwiri chidatseguka kwawo. Mu 1998 boma la Brazil lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Lei Pelé, pakuti Pelé ndiye adali nduna ya zamasewera pamene linkakonzedwa. Lamuloli lidathetsa mwambo wakale wotchedwa passe, umene unkamangirira wosewera ku timu yake ngakhale mgwirizano utatha, ndipo gawo limeneli lidayamba kugwira ntchito mu 2001. Mphamvu imene eni matimu adataya sidapite yonse kwa osewera ayi. Yambiri idagwera m'manja mwa amkhalapakati, maejenti aja amene amalandira gawo lawo nthawi iliyonse wosewera akasaina pangano latsopano. Wosewera akakhala pamalo amodzi zaka zambiri, mkhalapakati amadya kamodzi kapena kawiri. Akamasintha timu chaka chilichonse, mkhalapakati amadya chaka chilichonse.

Ailton adatuluka m'dziko mwake koyamba kupita ku Mexico, ku timu ya Tigres ya m'dera la Monterrey, ndipo kumeneko ndiko Werder Bremen ya ku Germany idakamutenga mu 1998. Chaka choyamba chidali chowawa. Adafika chisanu chikuyamba, chinenero sakuchidziwa, ndipo mphunzitsi Felix Magath, munthu wodziwika ndi zokonzekera zothyola msana, sadamupatse mpata wokwanira, kotero kuti adamwetsa zigoli ziwiri zokha mu ligi chaka chonsecho. Ngakhale maonekedwe ake sankamuthandiza. Adali wamfupi, wojintcha, wakhosi lalifupi, wooneka ngati munthu amene amakonda mbale kuposa bwalo. Zinthu zidasintha mu Meyi 1999 pamene Thomas Schaaf, amene adakulira m'timu yomweyo kuyambira ubwana wake, adapatsidwa udindo wa uphunzitsi. Schaaf adaona chimene ena sadachione, kuti munthu wojintchayo akatembenuka n'kuliyatsa liwiro padalibe womugwira, ndipo phazi lake lamanzere silinkaphonya kawirikawiri. Adakonza kaseweredwe kotumiza mipira kumbuyo kwa otchinga a adani kuti Ailton aziithamangira, ndipo zigoli zidayamba kubwera. Ochemerera adamupatsa dzina loti Kugelblitz, kutanthauza mphezi yobulungira. Schaaf adamupiriranso zofooka zake, makamaka chizolowezi chochedwa kubwerako kutchuthi cha ku Brazil. Ankamudzudzula ndithu, koma Loweruka likafika ankamuikanso m'bwalo.

Chimake chidafika m'nyengo ya 2003/04. Mothandizidwa ndi Johan Micoud wa ku France, amene ankagawa mipira pakati, ndi Ivan Klasnić wa ku Croatia, mnzake wakutsogolo, Ailton adamwetsa zigoli 28 naposa aliyense mu Bundesliga. Pa 8 Meyi 2004 Werder idapita ku Munich, kwawo kwa Bayern, timu yolemera koposa m'dzikomo, ndipo idagonjetsa eni bwalo ndi zigoli 3 kwa 1 n'kutenga ligi iwo akuona. Chigoli chachitatu chidali cha Ailton. Patatha masabata atatu Werder idatenganso chikho cha DFB-Pokal pogonjetsa Alemannia Aachen. Atolankhani a zamasewera adasankha Ailton kukhala wosewera wopambana wa chaka m'dziko la Germany, ndipo iye ndiye adali mlendo woyamba kulandira ulemu umenewu chiyambire kuperekedwa mu 1960.

Koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pamene ochemerera ankaimba dzina lake m'misewu ya Bremen, n'kuti Ailton atagwirizana kale ndi timu ya Schalke 04 miyezi ingapo m'mbuyomo. Mgwirizano wake ndi Werder unkatha chaka chomwecho, ndipo Schalke, poti sinkafunika kulipira kanthu pomutenga, idatha kumulonjeza malipiro okwera kuposa a ku Bremen. Anthu ambiri amamuweruza kuti adachita dyera. Chiweruzo chotere n'chosavuta kuchipereka munthu ali pantchito ya penshoni. Ailton adali ndi zaka 30, chuma chake chonse chidali liwiro, ndipo liwiro ndilo limayamba kuthawa wosewera zina zonse zisanamuthawe. Pangano limenelo lidali lomaliza mwa mapangano aakulu amene akadalandira m'moyo wake, ndiponso wosewera wochokera kudera losauka sadya yekha malipiro ake. Chimene sadachiwerengere n'chakuti zigoli 28 zija sizidali za iye yekha. Mbali ina zidali za Micoud amene ankadziwa nthawi yomuponyera mpira, mbali ina za Schaaf amene ankadziwa nthawi yokalipa ndi nthawi yotsinzina, mbali inanso za mzinda umene udaphunzira kumuseka ndi kumukhululukira. Schalke idalandira miyendo yake yokha, zinazo zidatsala ku Bremen. Iye mwini adavomereza pambuyo pake kuti kuchoka ku Werder kudali kulakwitsa.

Nkhani ina ya chaka chomwecho imaonetsa mbali yowawa ya moyo wa anthu amenewa. Ngakhale adaposa onse ku Germany, Ailton sadasewerepo m'timu ya dziko lake ngakhale kamodzi. Mphunzitsi Carlos Alberto Parreira adali ndi Ronaldo, Ronaldinho, Adriano ndi Kaká, ndipo munthu amene adachoka kwawo asanatchuke analibe womulankhulira. Kumayambiriro kwa 2004 dziko la Qatar, limene timu yake inkaphunzitsidwa ndi Philippe Troussier wa ku France, lidapempha Ailton pamodzi ndi anzake awiri, Dedê ndi Leandro a timu ya Borussia Dortmund, kuti atenge unzika wake ndi kulisewerera m'masewera olimbirana malo ku chikho cha dziko lonse cha 2006. Atatu onsewo adali asanakhalepo ku Qatar, komabe Ailton adavomera. Bungwe la FIFA lidachitapo kanthu mwamsangamsanga. Mu Malichi 2004 lidalamula kuti munthu wofuna kusewerera dziko latsopano akhale kuti adabadwira komweko, kapena kholo lake kapena agogo ake adabadwira komweko, kapena adakhalako zaka ziwiri. Mu 2008 zaka ziwirizo zidakwezedwa kufika zisanu.

FIFA idachita bwino, chifukwa kupanda kutero maiko olemera akadamagula matimu athunthu ngati akugula ng'ombe pamsika. Koma lamulolo silidachotse muzu wa nkhaniyi, womwe ndi wakuti Brazil amabala akatswiri ochuluka pamene malo m'bwalo ndi 11 okha. Mwezi umodzi lamulolo lisanaperekedwe, mu Febuluwale 2004, Francileudo dos Santos, wobadwira ku Brazil, adamwetsa chigoli choyamba m'masewera omaliza a chikho cha maiko a mu Africa, pamene Tunisia idagonjetsa Morocco ndi zigoli 2 kwa 1. Iyeyu adali atakhalako ku Tunisia m'timu ya Étoile du Sahel. Deco adasewerera Portugal, Marcos Senna adatenga chikho cha maiko a ku Ulaya ndi Spain mu 2008, ndipo Cacau adavala malaya a Germany mu 2010. Ailton yekha ndiye adagwa pakati. Chikho cha 2006 chidachitikira ku Germany, m'mabwalo amene iye ankawadziwa bwino lomwe, koma dzina lake silidali pamndandanda wa dziko lililonse.

Ku Schalke sadalephere kwenikweni. Adamwetsa zigoli 14 ndipo timuyo idathera pamalo achiwiri. Koma sadamvane ndi mphunzitsi Ralf Rangnick, amene ankafuna kuti wosewera aliyense, ngakhale wakutsogolo, azithamangitsa mdani mpira ukatayika, ntchito imene Ailton sadaikondepo chibadwire. Patatha chaka chimodzi adagulitsidwa ku Beşiktaş ya mumzinda wa Istanbul, ndipo patangotha theka la chaka adabwereketsedwa ku Hamburger SV, adani enieni a Werder. Atangofika adathyoka nsagwada. Atachira, tsiku lomaliza la ligi mu Meyi 2006, Hamburg idakumana ndi Werder polimbirana malo achiwiri, ndipo Ailton adaphonya golo lili pululu, goloboyi palibe. Werder idapambana ndi zigoli 2 kwa 1, ndipo Hamburg sidamugule.

Kuyambira pamenepo ulendo udali wotsetsereka. Adapita ku Red Star Belgrade ku Serbia, kenaka ku Grasshoppers ya ku Zürich, nabwerera ku Germany ku MSV Duisburg kumene adamwetsa chigoli chimodzi chokha, napitirira ku Metalurh Donetsk ku Ukraine ndi ku Altach ku Austria. Mu 2009 adayesa kubwerera kwawo, ku timu ya Campinense ya m'chigawo chake cha Paraíba, koma chaka chisanathe adali ku China m'timu ya Chongqing Lifan. Pofika 2010 wosewera wopambana wa dziko la Germany uja ankasewera m'timu ya KFC Uerdingen, m'gawo lachisanu ndi chimodzi la ligi. Munthu amene adakhala zaka 6 m'timu imodzi adadutsa m'matimu 12 kuyambira 2004 mpaka 2010.

Nanga n'chifukwa chiyani matimu ankamutengabe pamene liwiro lidali litapita? Yankho lili m'dzina. Timu yaing'ono ikalemba munthu wotchuka, makamaka wa ku Brazil, anthu amadzaza bwalo, atolankhani amabwera ndi makamera, ndipo amalonda amafuna kuti maina awo aoneke pamalaya. Timuyo imamupatsa pangano la miyezi yochepa, ndipo akalephera imamumasula isanataye zambiri. Kwa wosewera ndiye kumakhala kutaya, chifukwa pangano lililonse limafupika kuposa lam'mbuyo, ndipo sapezanso nthawi yophunzira chinenero, yozolowera anzake, kapena yoti mphunzitsi amumvetse. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya Ailton. Mu 1998 adamwetsa zigoli ziwiri m'chaka chathunthu ndipo Werder idamudikira, popeza adali ndi zaka 25 ndipo timuyo idali itaika ndalama pa iye. Ali ndi zaka 34 padalibenso womudikira ngakhale miyezi itatu. Naye adali ndi mbali yake, pakuti khalidwe limene ku Bremen ankaliseka, kwina ankaliona ngati mwano, ndipo iye sadasinthe.

Zaka zotsiriza adazithera m'matimu ang'onoang'ono a ku Germany monga Oberneuland ndi Hassia Bingen. Mu Januwale 2012 adaoneka pa wailesi yakanema m'pologalamu ina imene anthu otchuka amawatsekera m'nkhalango ku Australia n'kumawapatsa mayeso onyansa kuti oonerera aseke. Komabe anthu a ku Bremen sadamutaye. Mu 2014 Werder idamukonzera masewera otsanzikana pa bwalo la Weserstadion, ndipo khamu lalikulu lidabwera kudzamuombera m'manja. Mu Bundesliga adamwetsa zigoli 106 pamasewera 219, ndipo 88 mwa zigolizo adazimwetsa atavala malaya obiriwira a Werder. Ku Brazil dzina lake silitchulidwa pamodzi ndi akatswiri a m'badwo wake.

Chichokereni Ailton pabwalo malamulo asinthanso. Mu 2015 FIFA idaletsa amalonda ndi makampani kukhala ndi gawo pa mtengo wogulitsira wosewera, mchitidwe umene udali wofala kwambiri ku Brazil ndi ku Portugal, ndipo unkachititsa kuti mnyamata agulitsidwe nthawi imene eni ndalama afuna phindu lawo. Pa 4 Okutobala 2024 khoti lomwe lija la European Union lidagamula mlandu wa Lassana Diarra wa ku France, amene adakangana ndi timu ya Lokomotiv Moscow, ndipo lidapeza kuti ena mwa malamulo a FIFA okhudza wosewera wothetsa mgwirizano nthawi isanakwane amaphwanya ufulu wa munthu wosankha kogwira ntchito. Bosman adamasula wosewera amene pangano lake latha, pamene Diarra adapeputsa unyolo wa amene pangano lake likadalipo. Chigamulo chimenechi ndicho Lucas Ribeiro adatsamira pamene adalengeza mu 2025 kuti wathetsa yekha mgwirizano wake ndi Sundowns, atangosankhidwa kumene kukhala wosewera wopambana wa ligi ya ku South Africa ndiponso ataposa onse pomwetsa zigoli. Ribeiro adabadwa mu 1998, chaka chimene Ailton adafika ku Bremen. Pochoka ku Pretoria adali ndi zaka 26, ndipo Spain lidali dziko lake lachinayi lakunja.